Mlendo ndi Mame: Udindo wa Nyumba Zogona Alendo m'Boma la Mwanza

 Lero tikambirana za nyumba zogona alendo, kuyambira mahotela akuluakulu mpaka malesitihausi aang'ono a m'mbali mwa msewu, ndi udindo umene eni ake ali nawo pa nkhalango, pa madzi ndi pa anthu a m'midzi yowazungulira. Chitsanzo chathu titenga boma la Mwanza, koma zimene tinene pano zikukhudzanso inu a ku Dedza, a ku Mchinji, a ku Muloza, a ku Songwe, ndi inu a m'mphepete mwa nyanja, pakuti paliponse pamene mlendo amagona pamafunika moto, madzi ndi chakudya.

Makolo athu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ankanena izi potilangiza kuti tisatope naye mlendo, chifukwa lero ali nafe, mawa wapita. Mwambiwu ngwoona pa mlendo mmodzi wofika pakhomo. Koma pa nyumba imene ntchito yake ndi kugoneka alendo, mame sakamuka: uyu akamatuluka m'mawa, wina alowa madzulo, chaka chonse. Mlendo aliyense amasamba madzi otentha, amadya nsima yophikidwa pamoto, amasiya zinyalala, n'kumapita. Chitsa cha mtengo umene udamtenthetsera madziwo chimatsala, ndipo chimatsalira ife eni dera.

Tiyambe talidziwa boma tikunenali. Mwanza ili m'chigawo cha kummwera, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera mumzinda wa Blantyre, m'malire ndi dziko la Mozambique. Kale bomali lidali lalikulu, koma m'chaka cha 2003 mbali yake ina idapatulidwa n'kukhala boma la Neno. Pa kalembera wa mu 2018 m'boma la Mwanza mudapezeka anthu oposa 130,000, okhala m'madera a mafumu aakulu monga Kanduku, Nthache ndi Govati. Ndi dera la mapiri ndi zigwa, lotchuka m'dziko lonse chifukwa cha manachesi.

Chimene chachulukitsa nyumba zogona alendo kumeneko ndi msewu. Msewu wochokera pa mlatho wa Zalewa umakwera mpaka pa chipata cha Mwanza, n'kulowa m'Mozambique pa Zobue, ndi kukaoloka mtsinje wa Zambezi pa Tete. Patsogolo pake umagawikana: nthambi ina imapita ku doko la Beira, ina imalowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda ndi kupitirira mpaka ku Harare ndi ku Johannesburg. Katundu wambiri wolowa ndi wotuluka m'dziko muno, monga mafuta a galimoto, feteleza, fodya ndi tiyi, amadzera pamenepo. Madalaivala a magalimoto akuluakulu odikira kuti zikalata za katundu wao zitheke, amalonda okwera mabasi a ku Joni, antchito a boma ndi a mabungwe obwera ku misonkhano, onsewa amafuna pogona. Tsono alendo ambiri a ku Mwanza si odzaona nyama kapena nyanja, koma anthu apaulendo. Ena amayesa kuti nkhani yosamala chilengedwe ndi ya mahotela odula a kunyanja okha. Sichoncho ayi. Lesitihausi ya zipinda 12 ya pa chipata nayonso ili ndi mbaula yake, chimbudzi chake ndi dzala lake.

Tiyambe ndi moto. M'nyumba zambiri zogona alendo za m'maboma, madzi osamba amatenthetsedwa mumgolo wotereka pa mafuwa kuseri kwa nyumba, ndipo nsima, nyama ndi tchipisi zimaphikidwa pa nkhuni kapena pa makala. Ngakhale amene ali ndi magetsi amasunga mbaula pambali poopa kuzima kwa magetsiwo. Aliyense amene adayendapo pa msewu wa Zalewa adaona matumba a makala ataimikidwa m'mbali mwa msewu, ndi njinga zolemedwa nawo zitalunjika ku Blantyre. Mwanza ndi Neno ndi ena mwa maboma amene akhala akudyetsa mbaula za mumzindawo kwa zaka zambiri.

Kafukufuku amene akatswiri adasindikiza mu 2007 adapeza kuti mizinda inayi ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba inkatha matumba a makala oposa 6 miliyoni pa chaka, ndipo kuti makalawo apezeke pankagwetsedwa nkhalango yokwana mahekitala 15,000 chaka chilichonse. Pafupifupi magawo 6 mwa magawo 10 a makalawo ankachokera m'nkhalango zotetezedwa ndi boma. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tikagawa matumba aja pa mahekitala aja, tipeza kuti hekitala imodzi inkatulutsa matumba ngati 400. Tsono tiyerekeze nyumba yogona alendo imene imatha thumba limodzi pa tsiku. Pa chaka ndiye kuti yatha matumba 365, ndipo nyumba imodzi yokhayo yadya nkhalango yoposa maekala 2. Zikakhala nyumba 10 zotere, pa zaka 10 zatha maekala oposa 200. Mwini nyumbayo sadagwirepo nkhwangwa, mwina phirilo sadalipondepo n'komwe, koma ndalama yake ndiyo idanola nkhwangwayo.

Makala amadya mitengo yambiri chotere chifukwa cha kaotchedwe kake. Mu uvuni wadothi umene anthu amaumba m'tchire, kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala pamalowa makilogalamu a nkhuni pakati pa 5 ndi 10, ndipo zotsalazo zimapita ndi utsi. Ndiponso ootcha makala satola mtengo wamba. Amafuna mitengo yolimba yachilengedwe monga tsanya, mombo, tsamba ndi muwanga, imene imatenga zaka makumimakumi kuti ikule. Nkhalango ya Thambani, imene ili m'boma lomweli la Mwanza, yakhala ikuvutika ndi mchitidwe umenewu.

Komabe tisafulumire kuloza chala wootcha makala. Kafukufuku yemwe uja adapezanso kuti anthu oposa 90,000 ankadalira malonda a makala pa moyo wao. Munthu wa kumudzi amalowa m'phiri chifukwa kunyumba kulibe ufa, ndipo kumsewu kuli wogula. Lamulo la za nkhalango la 1997 limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo pamene lidakonzedwanso mu 2020 zilango zake zidakhwimitsidwa. Koma lamulo palokha silingazime uvuni pamene wogula ali chiimire ndi ndalama m'manja. Wogula wa tsiku ndi tsiku, ngati mwini nyumba ya alendo, ali ndi mphamvu pa nkhaniyi kuposa momwe iye mwini amaganizira.

Kodi zotsatira zake zimakathera kuti? Mitengo ikachoka paphiri, mvula imamenya nthaka yopanda chofunda, madzi salowa pansi, amangothamanga atanyamula dothi. Mtsinje wa Mwanza umatsikira ku Chikwawa ndi mchenga umene wakwirira khwawa lake, kotero kuti nthawi ya dzinja madzi amasefukira m'minda ndi m'midzi. Mtsinje wa Wamkulumadzi umathira mu Shire kumtunda pang'ono kwa mathithi a Kapichira, pamene pali makina opangira magetsi, ndipo dothi lochokera m'mapiri limakadzaza dziwe losungira madzi a makinawo. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 kudadzanso namondwe wa Freddy, ndipo Mwanza idali m'gulu la maboma amene adalengezedwa kuti mwagwa tsoka. Namondwe sabwera chifukwa cha nkhwangwa, koma madzi ake amaononga koposa pamene phiri lametedwa mpala. Taonani tsono mmene zinthu zikuzungulirira: magetsi akazima, mwini hotela amagula makala ambiri, makala akagulidwa, phiri limametedwa, phiri likametedwa, dothi limatsikira ku makina, ndipo magetsi amazimanso.

Nanga mwini nyumba ya alendo achitenji, popeza alendo ake sangasambe madzi ozizira m'mwezi wa Juni? Njira zilipo, ndipo zina n'zosalira ndalama zambiri. Thanki yotenthetsera madzi ndi dzuwa ikaikidwa padenga, mgolo wa kuseri uja umapuma miyezi yambiri pa chaka. Kugula kwake kumawawa kamodzi, pamene nkhuni zimagulidwa tsiku lililonse. Kukhitchini kungaphikidwe ndi gasi, kapena ndi makala oumbidwa kuchokera ku utuchi ndi zotsalira za mbewu. Makala ololedwa ndi lamulo aliponso: mu 2015 kampani ya Kawandama Hills ya ku Viphya idalandira chilolezo chootcha makala kuchokera ku mitengo yodzala yokha. Amene sangathe zonsezi angayambe ndi mbaula yadothi ya Chitetezo, imene amayi ambiri m'midzi amaumba ndi kugulitsa, ndipo imasunga moto kuposa mafuwa atatu.

Kuonjezera apo, wotentha nkhuni azidzala mitengo. Dziko lathu lidayamba kukhala ndi tsiku lodzala mitengo mu 1976, ndipo pambuyo pake tsikulo lidasanduka nyengo yathunthu, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Mwini nyumba ya alendo angathe kugwirizana ndi nyakwawa pamodzi ndi komiti yoyang'anira zachilengedwe ya m'mudzi kuti pakhale munda wa nsungwi, keshya kapena mthethe, iye n'kumagula nkhuni zake pamenepo. Angathandizenso mudzi kusamala nkhalango yake, pakuti zitsa za mitengo yachilengedwe zimaphukanso zokha ngati moto wolusa ndi mbuzi zaletsedwa. Pamenepa tichenjezane. Kudzala mbande 1,000 pa tsiku la mwambo, kujambulitsa zithunzi, n'kuzisiya kuti chiswe ndi dzuwa zimalize, si kudzala mitengo ayi. Mitengo tiziiwerenga m'mwezi wa Okutobala, pamene tione imene yapirira chilimwe.

Tsopano tinene za madzi. Pa boma pa Mwanza madzi a m'mipopi amaperekedwa ndi bungwe la Southern Region Water Board, koma m'midzi anthu amadalira mijigo ndi zitsime, zimene zina zimaphwa dzuwa likakula mu Okutobala ndi Novembala. Chimbudzi chogejemula chachikale chimataya malita ngati 10 pa ulendo umodzi. Ndiye kuti mlendo akagejemula kawiri wataya ndowa yathunthu ya malita 20, yonga imene mayi wa m'mudzi woyandikana nawo wasenza pamutu atadikira pamzere kuyambira tambala woyamba. Onjezanipo madzi ochapira nsalu zofunda, okolopera, otsukira mbale ndi otsukira magalimoto, muona kuti nyumba imodzi ya alendo imamwa madzi a mabanja ambiri.

Ena pofuna kuthana ndi vutoli amakumba mjigo wao wakuya n'kuikapo pampu yamagetsi. Zimenezi si zoipa, koma pansi pa nthaka palibe mpanda. Pampu ikamakoka usana ndi usiku, zitsime zosaya za anansi zingathe kutsika madzi, ndipo n'chifukwa chake lamulo la za madzi la 2013 limafuna kuti wokumba ndi kutunga madzi ochuluka ayambe watenga chilolezo. Mwini nyumba wanzeru amaika ngalande m'mphepete mwa denga lamalata ndi kukolola madzi a mvula m'thanki. Amakonza msanga mpopi wodontha. Mlendo wogona masiku atatu amamfunsa mwaulemu ngati akufunadi kuti nsalu zake zisinthidwe tsiku lililonse. Madzi a kubafa amawalondolera ku nthochi ndi ku mitengo ya zipatso. Ndipo chilimwe chikafika povuta, amalola anansi kudzatunga pa mpopi wake wa panja pa nthawi yoikika. Kupatsa n'kuika, adatero akulu.

Madzi otuluka m'nyumba ndiwo oopsa koposa olowa. Dzenje la chimbudzi likadzaza m'dzinja, zonyansa zimayenderera kupita kukhwawa kumene ana amasamba ndi amayi amatsuka mbale. Alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kuti chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndiponso chikhale kumunsi kwake. Sitidaiwale mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 ndi kupitirira mpaka 2023, umene udafika m'maboma onse ndi kupha anthu oposa 1,700. Pa malo a chipata ngati Mwanza, pamene anthu a maiko angapo amadyera m'mbale zimodzi ndi kulowa m'zimbudzi zimodzi, nyumba yauve imodzi ingathe kutumiza matenda ku Blantyre ndi ku Tete tsiku limodzi.

Za zinyalala tinena mwachidule, pakuti aliyense amaziona ndi maso. Majumbo opyapyala adaletsedwa m'dziko muno mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo lidavomereza chiletsocho mu 2019. Majumbo ndi mabotolo apulasitiki saola. Amatseka ngalande, amasunga madzi oswerana udzudzu, ndipo mbuzi kapena ng'ombe ikawameza imaonda mpaka kufa. Kuwatentha kuseri kwa nyumba ndi kupatsa anansi utsi wa poizoni. Nyumba ya alendo ikhale ndi migolo yosiyana: zotsala za chakudya zipite kwa oweta nkhumba kapena kudzenje la manyowa, mabotolo agalasi abwezedwe kwa eni ake, ndipo zosaola zipite kumene khonsolo idakonza. Palinso chinthu china chimene a pa chipata amachidziwa bwino: oilo wakuda wotsanulidwa m'magalimoto oima pabwalo. Ameneyu asathiridwe pansi, chifukwa mvula ikagwa amakapezeka m'chitsime.

Mpaka pano tanena zimene nyumba ya alendo imatenga ndi kutaya. Tsopano tione zimene ingabweze, ndipo njira yaikulu yobwezera ili pa msika. Kuyambira mu Epulo mpaka cha mu Ogasiti, manachesi amachuluka ku Mwanza kotero kuti alimi amagulitsa pa mtengo wolira, ena n'kuolera pansi pa mitengo chifukwa chosowa ogula. Si zomvetsa chisoni kodi kuti m'nyengo yomweyo mlendo wogona m'bomalo apatsidwe chakumwa cha m'botolo chochokera kutali, pamene chipatso chenichenicho chili kuseri kwa mpanda? Mazira, nkhuku zachikuda, tomato, anyezi, masamba, mbatata ya kachewere, uchi, mphasa, madengu ndi mipando, zonsezi zimapezeka m'midzi ya pafupi. Mwini nyumba akapangana ndi kalabu ya alimi kuti azimbweretsera zinthu zakutizakuti sabata iliyonse, mlimi amalima akudziwa kokagulitsa. Chofunika n'chakuti alipire pa nthawi yake. Kutenga nkhuku za mayi wamasiye pa ngongole, n'kumamuuza kuti abwere mawa kwa miyezi itatu, si kutukula dera ayi.

Kuti muone kuti malonda otere amapulumutsa mitengo, tikumbuke za ku Kam'mwamba, dera limene lidali m'boma la Mwanza koma tsopano lili ku Neno. Mu 1996 bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi lidayamba kugwira ntchito ndi midzi ya kumeneko, imene inkadalira kwambiri makala. Anthu adaphunzira kupanga chakumwa cha malambe ndi cha bwemba, kuweta nkhanga ndi kuweta njuchi, ndipo chakumwacho chidafika mpaka m'masitolo a m'tauni. Phunziro lake n'losavuta kumva. Munthu amene amapeza ndalama chaka ndi chaka pa mtengo woima, saudula. Mlimi wa njuchi amakhala mlonda wa nkhalango popanda womlipira, chifukwa ming'oma yake ili m'menemo. Choncho hotela iliyonse imene yaika uchi wa m'deralo pa tebulo la chakudya cha m'mawa, yathandiza kuti mitengo ina ikhalebe chiimire.

Udindo wina, umene uli waukulu koposa, ndi wa pa anthu. Nyumba ya alendo ilembe ntchito ana a m'deralo, ndipo isawasiye pa tsache ndi pa ulonda pokha. Iwaphunzitse kuphika, kulandira alendo ndi kusunga mabuku a ndalama. Iwalipire malipiro osachepera amene boma lidakhazikitsa, ndi kuwapatsa tsiku lopuma. Wantchito wolandira zomkwanira saba sopo, ndipo satumiza mwana wake kukagulitsa mandasi usiku pakati pa magalimoto.

Pa mawu omalizawa tiimepo pang'ono. Pamalo pamene amuna apaulendo amagona masiku angapo ali ndi ndalama m'thumba, atsikana aang'ono a m'mabanja osauka amakhala pa ngozi. Zipata za m'malire ndi njiranso imene ozembetsa anthu amadzera ndi anyamata ndi atsikana amene awanamiza kuti akawapezera ntchito kunja. Dziko lathu lidakhazikitsa lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu mu 2015, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko adasinthidwa kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Zoipa zoterezi sizichitikira pamsewu; zimafuna chipinda ndi kiyi. Wopereka kiyiyo ndiye angathe kuziletsa. Mlendo aliyense alembedwe m'buku ndi chiphaso chake, mwana wolowa ndi munthu wamkulu amene si kholo lake afunsidwe, ndipo pokayikitsa apolisi adziwitsidwe. Ndalama ya usiku umodzi singalipire tsogolo la mwana. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Mwina wina afunsa kuti, kodi zimenezi zidachitikapo kuti? Maiko ambiri adazindikira kale za nkhaniyi, kotero kuti bungwe la United Nations lidapatula chaka cha 2017 kukhala chokumbutsa za ntchito zokopa alendo zosaononga chilengedwe. Koma ife sitisowa kupita kutali, chifukwa chitsanzo chili pakhomo. Kummwera kwa Mwanza, cha ku Chikwawa, kuli nkhalango ya nyama ya Majete, imene idakhazikitsidwa mu 1955. Pofika 1992 njovu zonse za m'menemo zidali zitaphedwa, nyama zina zidatha, mitengo inkadulidwa, ndipo alendo adaleka kupitako. Mu 2003 boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowo. Chaka chomwecho zipembere zidabwezedwamo, njovu mu 2006, mikango mu 2012, anyamalikiti mu 2018, ndi mimbulu mu 2021. Njovu zidaswana mpaka zina mwa njovu pafupifupi 500 zimene zidasamutsidwira ku Nkhotakota mu 2016 ndi 2017 zidachokera ku Majete.

Nyama zitabwerera, alendo adabwereranso, ndipo padamangidwa malo ogona monga Thawale ndi Mkulumadzi. Loji ya Mkulumadzi, imene idatsekulidwa mu 2011 pafupi ndi pamene Wamkulumadzi amathira mu Shire, idamangidwa yodalira magetsi a dzuwa, ndipo pa madenga a nyumba zake padadzalidwa zomera kuti m'kati muzizizira. Padakonzedwanso malo omangapo matenti amene phindu lake lidaperekedwa ku ntchito za midzi yozungulira. Anthu a m'midziyo adalembedwa ntchito, adaloledwa kumweta udzu ndi kudula nsungwi m'nyengo yake, adathandizidwa kuweta njuchi, ndipo ana ena adalipiriridwa sukulu. Mpanda wa waya wozungulira nkhalangoyo udathandiza, koma mpanda wokha sukadakwanira anthu akadaona kuti malowo ndi odyerapo alendo okha. N'zoona kuti lesitihausi ya pa chipata ilibe chuma chonga cha Majete. Komabe nzeru yake ndi imodzimodzi, ndipo siilira ndalama zambiri: anansi akamapindula ndi malo ako, amawateteza.

Ntchitoyi si ya eni nyumba okha, pakuti mutu umodzi susenza denga. Inu mafumu, popereka malo omangapo nyumba ya alendo, funsani kumene nkhuni zidzachokere, kumene madzi oipa adzapite, ndi ana angati a m'mudzi amene adzalembedwe ntchito. Zimene mwagwirizana zilembedwe pamaso pa anthu. Inu a khonsolo ndi alangizi a zaumoyo, poyendera malo otere musathere pa kuona chiphaso chopachikidwa pakhoma. Zungulirani kuseri mukaone dzenje ndi dzala. Inu eni nyumba, yambani mwezi uno kulemba m'kabuku matumba a makala, mitolo ya nkhuni ndi migolo ya madzi imene mwatha, pamodzi ndi ndalama zimene mwagulira zinthu kwa alimi a pafupi. Pakutha pa chaka kabukuko kadzakuuzani pamene ndalama zanu zikutayikira, ndipo mudzaona kuti kusamala chilengedwe ndi kusamalanso thumba lanu.

Nafenso tonse timakhala alendo tsiku lina. Tikagona pamalo, titseke mpopi, tizime nyale potuluka, tisataye botolo pazenera la basi, ndipo tifunse chakudya cha m'deralo. Wogulitsa amamvera wogula. Alendo 10 akafunsa madzi a manachesi, wa 11 adzawapeza ali pa tebulo.

Msewu wa ku Tete udzapitirira kubweretsa alendo, ndipo n'zabwino kuti atero, chifukwa amabwera ndi ndalama ndi ntchito. Chimene anthu a ku Mwanza ayenera kuonetsetsa n'chakuti alendowo akamapita azisiya Thambani ali ndi mitengo yake, zitsime zili ndi madzi abwino, ndi ana ali pa sukulu. Nkhaniyi ikambidwe m'mabwalo a mafumu, m'makalabu omvera wailesi ndi pa misonkhano ya amalonda, ndipo maganizo anu mutilembere. Kwa lero tilekeze pomwepa.